Singano Inali pa Fote

Palabana, 6 Meyi 2024

Fridah mdzukulu wanga,

Sanford Mvula ndiye munthu amene ananiwonongera dzina, ndipo akali moyo. Nayamba na iye kuti ukaona kalata usayese ni ya maliro. Tsopano moni. Uli bwanji ku Kabwe? Kuno tili bwino. Agogo ako aakazi mwendo uwavuta kukazizira, koma pakamwa pali bwino kwambiri. Chimanga chapsa na dzuwa, nshawa zapulumukako pang'ono, takusungira.

Umati nizikuimbira foni. Mawu a pa foni akatuluka apita. Nkhani iyi ifuna pepala.

Pa Isitala uli kuno, unakhala pansi pa mango kuchonga mapepala a ana amene uphunzitsa. Ninaona mizere yotsetsereka ngati denga la khola, ninakufunsa. Iwe unati, "Agogo, iyi ni galimoto imene yagwira mabuleki. Mukaniuza mtunda umene yakhwekhwereka, nikuuzani liwiro limene inali nalo." Unapitiriza kuchonga. Ine tiyi inanizizirira m'manja.

Mvera tsopano. Mu Ogasiti 1974 ninali dalaivala wa lole ya mkaka pa famu ina kuno. M'mawa wina nili na zigubu zodzaza, nitsika msewu wa fumbi wa pa famupo, nkhunzi ya bwana inatulukira pa geti la khola. Ninaponda mabuleki pa mtengo wa mkuyu, mawilo anauma, lole inakhwekhwereka, inagunda nkhunzi pa geti, n'kukaimira pa kalavati. Nkhunzi inafera pomwepo. Chikwangwani cha pa msewu chinali kunena 50. Singano yanga ya liwiro inali pa 40. Ninaiona na maso awa.

Manijala anatiitana ku shedi. Ninatenga Baibulo limene ninali kusunga mu lole, ninalumbira kuti fote. Sanford, kapitawo wathu, anaima nati, "Bwana, lole ija inanipita ngati kamvuluvulu. Fote yake ni ya m'kamwa." Nchito inatha tsiku lomwelo. Nchito nilibe nayo mawu, ninapeza ina. Koma ku tchalitchi anachotsa dzina langa pa anthu oti akhale akulu a mpingo, ati uyu analumbira bodza. Kuyambira pamenepo anthu amaniitana a Fote. Ngakhale awa a ku Lusaka amene agula mapuloti kuno, amene nthawi ija anali asanabadwe, amati, "Ba Fote, muli shani?" Ayesa ni dzina la ubatizo.

Kumapeto kwa Ogasiti mwana wa Sanford abwera kudzamutenga, akakhale naye ku Katete. Akapita, apita na bodza lake. Ine sukulu ninalekera Sitandade 4, koma nidziwa kuti manambala sadya kwa kapitawo. Nichitire masamu ako aja. Mkuyu ukalipo, kalavati ikalipo, chipilala cha geti chikalipo.

Unitumizirenso magalasi owerengera. Anga ninawakhalira.

Ndine agogo ako,
Langford Daka

Kabwe, 20 Meyi 2024

Agogo okondedwa,

Nakondwa kumva kuti muli bwino. Ine nili bwino, ana a Giredi 11 okha ndiwo afuna kunikalambitsa. Magalasi ali mu envulopu yomweyi. Awa ni a kumaso, si a pa mpando.

Zaka zonsezi nimayesa Fote ni dzina la agogo anu. Pepani.

Masamu nichita, koma nifuna zinthu ziwiri. Choyamba, bwerekani tepi kwa omanga nyumba, muyeze mamita kuchokera pa mkuyu kufika pa geti, komanso kuchokera pa mkuyu kufika pa kalavati. Musayeze na miyendo, miyendo yanu ya lero si ya 1974.

Chachiwiri, nifuna kudziwa mmene msewuwo umadyera liwiro. Mawilo akauma n'kumakhwekhwereka, liwiro limachepa mofanana sekondi iliyonse: sekondi yoyamba lichoka lakuti, yachiwiri lichoka lomwelo, mpaka lole iime. Ndiye chifukwa mzere umene munaona unali woongoka. Kumanzere kwa pepala timalemba liwiro, pansi timalemba nthawi. Mzere uyambira pamwamba, utsika mpaka pa ziro. Malo amene atsala pansi pa mzerewo, kambali zitatu kaja, ndiwo mtunda umene lole yakhwekhwereka. Chithunzi chimenechi timachitcha girafu.

Ndiye pezani munthu wa lole. Ayende pa 40 ndendende, pa msewu womwewo, kuli kouma. Akafika pa mkuyu aponde mabuleki mwamphamvu mpaka mawilo aume. Muyeze pamene aimire. Pa msewu pasakhale munthu, mbuzi kapena nkhunzi.

Chimodzi ninene lero, Agogo. Girafu ilibe agogo ake. Chimene itulutse nidzakuuzani chomwecho. Mwavomera?

Niuzeni za mwendo wa Agogo aakazi. Nshawa zija zikazingidwe.

Mdzukulu wanu,
Fridah

Palabana, 9 Juni 2024

Fridah,

Moni. Magalasi afika, tsopano naona kuti agogo ako aakazi akalamba. Iwo ati na ine chimodzimodzi, ndipo iwo safuna magalasi kuti aone.

Navomera. Munthu wonena zoona saopa pepala.

Tepi ninabwereka kwa mayi wina wa ku Lusaka, a Dailes, amene amanga nyumba pafupi na kalavati. Atamva nkhani anagwira okha kumapeto kwa tepi, atavala nsapato za ku ofesi. Pa mkuyu mpaka pa geti ni mamita 30. Pa mkuyu mpaka pa kalavati ni mamita 40. Tinayeza kawiri.

Lole ninapeza ya Jabez, amene amagulitsa mchenga. Poyamba anakana, ati matayala ni odula. Ninamuuza kuti ni za boma, za maphunziro. Si bodza, iwe ulandira kwa boma. Loweruka m'mawa tinakwera. Anthu anamva, anadzaza m'mbali mwa msewu ngati kubwera nduna. Ninawauza kuti akaime kupitirira kalavati, pakuti lole ikaimira pamenepo.

Ninakhala kutsogolo, maso pa singano. Jabez, amene aniitana shikulu, ndiye kuti agogo, ati, "Shikulu, gwirani chitseko." Ine ninati, "Ninayamba kuyendetsa lole atate ako akali kuyamwa. Ona msewu." Singano inafika pa 40. Ninaona kuti tiyenda ngati tanyamula maliro, ninati, "Ponda mafuta, iwe." Iye ati, "Ni fote iyi, shikulu, onani." Inalidi pa fote. Pa mkuyu ninakuwa kuti mabuleki. Chipewa changa chinagunda galasi, fumbi linatikwirira. Fumbi litachoka ninaona geti likali kutsogolo, kalavati kutali. Tepi inati mamita 15.

Tinabwereza. Mamita 15 na theka. Ninafuna kachitatu, Jabez ati akachita kachitatu apita kunyumba na mawilo a njinga.

Sanford analipo. Anabwera na ndodo yake, anakhala pa mpando umene mkazi wake anamunyamulira. Anangoyang'ana pamene lole inaima, kenako anayang'ana kalavati, kenako anavula chipewa n'kuyamba kuchipukuta fumbi pang'onopang'ono. Munthu woipa uja.

Nikuuze chimene chachitika. Malole a masiku ano ni opepuka, mabuleki awo ni a ku Japani. Yanga inali yachitsulo chenicheni, na mkaka wodzaza. Ulembe zimenezi mu girafu yako. Yankha msanga, pakuti pa msika tsopano ayamba kuniitana a Fifitini.

Agogo ako,
Langford Daka

Palabana, 14 Julaye 2024

Fridah,

Moni, ngati ukali kulandira moni wanga.

Masabata asanu apita. Lachisanu lililonse nikwera minibasi kupita ku positi, kulibe kanthu. Kalata yoyamba unayankha m'masabata awiri. Kodi pensulo yatha ku Kabwe? Kapena wina wa kwa Mvula wakufikira? Namva kuti mdzukulu wake wina ni wapolisi kumeneko. Ngati akufunsira ukwati, nena, nidziwe kuti nataya mlandu na mdzukulu yemwe.

Ogasiti ali pakhomo. Nshawa nazibweza mu thumba.

L. Daka

Palabana, 15 Julaye 2024

Fridah mwana wanga,

Ni ine agogo ako aakazi. Kalata iyi naiika mu envulopu ya agogo ako iwo ali kubafa, usawauze. Uli bwanji? Mwendo uli bwino pang'ono, mafuta opaka aja agwira nchito, ukapeza ena utumize.

Za wapolisi usazimvere, amangoti alembe. Koma sadya bwino. Atenga mpando akhala kuyang'ana ku msewu. Dzana ninawapeza ajambula mizere pa dothi na ndodo, nkhuku zafufuta, akalipira nkhuku.

Ine niganiza kuti wapeza yankho ndipo uopa kuwauza. Usaope. Nakhala nawo zaka makumi asanu na ziwiri, nkhunzi ija nayo yakhala nafe m'nyumba muno zaka makumi asanu. Natopa kuiphikira.

Koma nikuuze, agogo ako samanama. Amakokomeza za nsomba na za mvula, koma pa Baibulo ayi. Ndipo sanali munthu wophwanya lamulo. Chikwangwani chija kale chinali kunena 30, iwo anali kuyenda pa 30, amafika kuno dzuwa litapendeka. Mwezi womwe uja kunabwera manijala watsopano, analamula kuti afute 30 alembe 50. Agogo ako anabwera akuseka, ati uyu ndiye bwana wodziwa kuti mkaka umasasa. Anati 50 yachuluka, ine niziyenda pa 40. Sabata yonse anali kufika msanga, mpaka tsiku la nkhunzi. Ndiye munthu amene wapatsidwa 50 natenga 40, alakwa chiyani? Ine pamenepo mpamene sinimvetsa.

Anapenta chikwangwanicho ni a Sanford omwewo. Nelesi mkazi wawo akumbukira, pakuti penti inagwera pa buluku lawo la ku tchalitchi. Ine na Nelesi timacheza ku chigwirizano cha amayi Lachinayi lililonse kuyambira kale. Izinso usawauze.

Nshawa nazitulutsanso mu thumba.

Agogo ako,
Jenala

Kabwe, 24 Julaye 2024

Agogo okondedwa,

Moni. Wapolisi sinimudziwa, koma ngati ni wamtali mutumizeni.

Nikhululukireni pochedwa. Yankho ninalipeza tsiku lomwe kalata yanu inafika, koma ninalibisa mu kabati chifukwa linali kunena kuti munanama, ndipo mtima wanga unakana. Tsopano namva chinthu china chimene simunaniuze, ndiye nilemba zonse. Khalani pansi, osati pa magalasi.

Onani girafu imene naika muno. Mzere wofiira ni lole ya ba Jabez. Makilomita 40 pa ola ni mamita 11 pa sekondi. Inaima pa mamita 15, kutanthauza kuti msewu wanu umachotsa mamita anayi pa sekondi, sekondi iliyonse. Za kulemera musadandaule nazo. Mawilo akauma, lole yolemera na yopepuka zimakhwekhwereka pafupifupi mofanana, pakuti chimene chigwira ni dothi na tayala.

Mzere wakuda ni lole yanu. Utsetsereka mofanana na wofiira, koma kuti pansi pake pakwane mamita 40, uyenera kuyambira pamwamba kwambiri, pa mamita 18 pa sekondi. Amenewo ni makilomita 64 kapena 65 pa ola. Mzere wa pensulo ni lole yoyenda pa 50. Ija ikanaima pa mamita 24, nkhunzi ikanakuyang'anani n'kupitiriza ulendo. Ndiye ba Sanford anaona bwino, Agogo. Munali kuthamanga.

Musang'ambe pepala, tembenuzani.

Namva kuti chikwangwani chinali kunena 30, kenako anafuta nalemba 50. Agogo, manijala uja sanakweze liwiro. Mamailosi 30 ni makilomita 48, iye anangoti 50. Anasintha muyezo chabe. Koma lole yanu inali yakale, singano yake inali kuwerenga mamailosi. Tsopano tengani makilomita 64 aja muwabweze ku mamailosi. Nachita katatu, ana anga a Giredi 11 achitanso pa bolodi osadziwa kuti ni nkhani ya ndani. Yankho ni 40. Osati 35, osati 45. Fote.

Mkuyu na kalavati zachitira umboni kuti singano yanu inali pamene munanena. Munathamanga, koma simunaname.

Mwana wina anafunsa ngati dalaivalayo anamangidwa. Ninati ayi, anangopatsidwa dzina.

Sukulu titseka pa 9 Ogasiti, nibwera. Kodi nshawa zili mkati mwa thumba kapena kunja?

Mdzukulu wanu,
Fridah

Palabana, 4 Ogasiti 2024

Fridah mdzukulu wanga,

Moni. Tili bwino. Nshawa zakazingidwa.

Tsamba loyamba ninaliwerenga n'kupita kumunda, ngakhale kumunda kulibe nchito. Lachiwiri ananiwerengera agogo ako aakazi nitabwerako, mokweza, ngati kuti ni iwo analemba. Sininafunse kuti za chikwangwani unazimva kwa ndani. M'nyumba muno muli anthu awiri chabe, ndipo ine sininanene.

Za nkhunzi navomera. Inafa na liwiro langa. Nalemba pano na dzanja langa, usanifunsenso.

Lachitatu ninavala jekete, ninatenga girafu, ninapita kwa Sanford. Aka kanali koyamba kuponda pakhomo pake. Nelesi anatulutsa mpando asananione bwino, ndipo anadziwa kuti tiyi nimamwa na masupuni atatu a shuga. Izinso sininafunse.

Ninayala pepala pa tebulo, ninamuonetsa mzere wofiira na wakuda. Iye analigwira chadodolido. Ninalitembenuza. Anati, "Ndiye mwana wanena kuti unathamanga." Ninati, "Wanena kuti sininaname." Anati, "Koma unathamanga." Apo ninakumbukira kuti chikwangwani chija anapenta ni iye. Ninati, "Sanford, pa pepala limene manijala anakupatsa kuti ukapente, panalembedwa chiyani?"

Anayang'ananso girafu. Kenako anayamba kuseka mpaka kutsokomola. Ati panali 50 na tizilembo tina kumapeto, k na m na tina. Iye anayamba na 5 wamkulu kuti bwana aone kuti kapitawo adziwa kulemba, anatsatiza 0 wamkulu, thabwa linatha. Ati anayesa tizilembo tija ni tokongoletsa chabe.

Waona? Zaka makumi asanu nayenda na dzina la wabodza chifukwa munthu analemba 5 wonenepa.

Anati, "Langford, takalamba, tigwirane chanza zithe." Chanza ninamupatsa, pakuti ninali nitamwa tiyi wake. Koma ninamuuza kuti dzina langa sanaliwonongere pakhonde, analiwonongera pa gulu. Iye ati aganiza. Nelesi ati aganiza msanga, pakuti sutukesi ya ku Katete ni iye apakira.

Dzina la Fote nalisunga. Tsopano lili na umboni. Jabez akanena Fifitini nimamuonetsa pepala, nimayenda nalo m'thumba la jekete. Ukabwera unijambulire lina lalikulu, pa pepala lolimba, loti munthu wa pa benchi ya kumbuyo aone mzere wakuda.

Ukulu wa mpingo sinikuufunanso, misonkhano yawo ni yaitali. Nchito ya mkaka sinikuifuna. Nifuna chimodzi nisanafe. Lamulungu la pa 25 Ogasiti, asanakwere basi ya ku Katete, Sanford Mvula aime kutsogolo kwa tchalitchi, agwire girafu yako moongoka, anene mokweza kuti na ogontha amve: "Langford Daka sananame. Singano inali pa fote."

Ndine agogo ako,
Langford Fote Daka